Nkhani Zobwera mu Foni ya Malemu

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba Idalmis ali pamzere wa buledi. Sinali yake. Yake inali itatha moto chifukwa magetsi anazima chadzulo lake, ndiye potuluka anangotsegula dilowa n'kutenga ya bambo ake, a Heriberto, amene anali atawaika m'manda sabata yomweyo. Chiwagonekereni kuchipatala foniyo inali yozimitsa. Tsopano, pakona paja pamene netiweki imagwira, inadzidzimuka ngati mwana amene wakhalira nyerere.

Sanali munthu woimba, sunalinso uthenga. Inali pulogalamu ija bambo ankasungiramo nkhani zapaintaneti kuti aziwerenga ngakhale popanda netiweki. Nkhani zatsopano zinkagwera m'menemo, ina pamwamba pa inzake: ya asodzi a nsomba zikuluzikulu, ya matenda a shuga, ya mkulu wina woweta njuchi padenga. Pansi pa iliyonse panali tsiku limene inasungidwa. Ina inasungidwa tsiku la maliro lenilenilo. Ina dzulo.

"Amayi, mzere wayenda. Kapena mwabwera kudzaonera kanema?" anatero mwamuna wina kumbuyo kwake.

"Dutsani ngati buledi wanu akuthawa."

Idalmis analibe nthawi yoopa mizimu. Anali ndi ana awiri, ntchito, denga lodontha ndi msana wowawa. Munthu wakufa sasunga nkhani, basi. Ndiye kuti panali wamoyo wina amene ankalowa m'zinthu za bambo ake.

Kunyumba anapeza azakhali ake, a Onelia, atayala zovala za malemu pabedi, akuzigawa m'milumilu. Mwamuna wa Idalmis, Norge, anali pakhonde akumata chubu cha njinga yake yonyamula anthu. Idalmis anaika buledi patebulo, foni pambali pake, n'kuwaitana onse awiri kuti adzaone.

A Onelia anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa diresi, anawerama, anawerenga milomo ikuyenda.

"Mkazi ameneyo," anatero.

"Azakhali, bambo anali atatha mano."

"Mano akulowapo bwanji? Mchimwene wanga ndimamudziwa ndine. Mawu okha aja. Akayamba kuwerenga kufakitale kuja, akazi ankaiwala fodya m'manja. Mayi ako anaona zokhoma, mzimu wawo uuse mumtendere."

"Mkazi wanji wotumiza nkhani za njuchi?"

"Wophunzira. Oopsa ndi amenewo."

Norge anapukuta manja pathalauza. "Ine ndikuti ndi akuba. Kapena ndi aja amafuna kudziwa zimene munthu amawerenga. Fufuta zonsezo, foniyo timpatse mwana wathuyu Dayana aziphunzirira."

"Dayana aziphunzirira, kapena inu mukaigulitse?"

"Ndanena zogulitsa ine?"

"Simunanene. Maso anu ndiwo anena."

Idalmis anaitenganso foniyo n'kuibweza m'thumba mwake. Kuyambira tsiku limenelo sanaisiye padilowa, ngakhale popita kukasamba.

A Heriberto anali muwerengi wapafakitale ya ndudu kuyambira Idalmis asanabadwe. Ankakhala pampando wautali kutsogolo kwa holo, anthu akupichira fodya, iwo akuwawerengera: m'mawa nyuzipepala, masana buku. Nyuzipepala zitayamba kuonda, n'kumafika mwa apo ndi apo, iwo anayamba kuwerenga za mufoni. Idalmis, amenenso ankapichira ndudu muholo yomweyo, sanafunsepo kuti nkhanizo amazitenga kuti. Munthu amene amadzuka kukada, kuphika, kusambitsa ana, kutsuka zilonda za kumiyendo kwa bambo ake n'kuthamangira kuntchito safunsa kuti nkhani ya njuchi yachokera kuti.

Atabwerera kuntchito Lolemba anapeza mpando wautali uja uli wopanda munthu. Wina anali atatsegula wailesi, koma anthu anadandaula kuti ikusokosa, anaizimitsa. Muholo munkangomveka mipeni ikudula masamba. Pa nthawi ya khofi Idalmis anakhala pafupi ndi a Migdalia, mayi wachikulire amene anamuphunzitsa ntchito, n'kuwaonetsa foni ija.

"Mukudziwa amene ankawasungira nkhanizi?"

A Migdalia anapsontha khofi wawo. "Mtolankhani wathu wakumwera."

"Ndani ameneyo?"

"Ankatero bambo ako asanayambe kuwerenga. 'Mtolankhani wathu wakumwera watitumizira izi.' Iwe sunkamva? Umakhala tebulo lachitatu lokha."

"Ndinkamva. Ndinkayesa ndi nthabwala zawo zija."

"Nthabwala, eti." A Migdalia anamuyang'ana chammbali. "Iwe mwana, holo yonse ikudziwa. Kumwera muli ndi angati?"

 Khofi anamuwawira Idalmis m'kamwa ngati waiwala shuga.

Kumwera anali ndi mmodzi. Mlongo wake wamng'ono, Yosvani, anachoka zaka zapitazo kupita kunja, kumzinda wakutali wa Montevideo. Ulendo wake anaulipira pogulitsa mwakabisira njinga yamoto ya bambo ndi makina osokera a mayi awo, mayiwo ali chigonere. Sanatsanzike. Mayi atamwalira sanabwere. Tsiku lomwe anabwerako kokaika mayiwo, a Heriberto anaimirira pamutu pa tebulo, abale onse alipo, n'kulumbira atagwira chithunzi cha mkazi wawo kuti mwana ameneyo sadzamulankhulanso mpaka kufa. Yosvani anayesa kuimba kangapo, iwo ankangodula. Idalmis yekha anamuyankhapo kamodzi, ndipo zimene anamuuza zinakwana. Kuchokera pamenepo mnyamatayo anasintha nambala, ndipo panyumbapo dzina lake linasanduka ngati mphika wosweka umene aliyense amaulambalala.

Koma pulogalamu ija anawaikira mufoni ndi Yosvani yemweyo, asanachoke. Chimenecho Idalmis anachikumbukira tsopano. Yosvani anawatsegulira pulogalamuyo pa dzina lake, ndiye chilichonse chimene iye ankasunga kumeneko chinkafikanso kuno.

Masana amenewo sanadye. Anakhala pamthunzi kuseri kwa nkhokwe ya fodya n'kuyamba kutsegula nkhanizo imodziimodzi. Zinalipo zambirimbiri, za zaka zonsezo. Pafupifupi iliyonse inali ndi mizere yopakidwa chikasu, ndipo m'mbali mwa mizereyo munali timawu ta bambo ake, tolembedwa ndi chala chimodzi.

Pa nkhani ya mpira womenya ndi ndodo analemba kuti: "Wolemba uyu sanagwirepo ndodo ya mpira. Amupatse tsache."

Pa nkhani ya kaphikidwe ka nyama: "Bodza. Adyo amathira poyamba. Wolembayu analeredwa ndi ndani?"

Pa nkhani ya mphepo yozizira imene inawomba mu Montevideo: "Akukokomeza kuti agulitse nkhani. Komabe iwe wolemba, uza anthu akumeneko azivala juzi. Ena ali ndi chifuwa kuyambira ali makanda."

Ndipo pansi pake panali yankho, lochokera mbali inayo: "A wolemba, auzeni owerenga anu kuti juzi ilipo. Ziwiri."

Idalmis anaseka kamodzi, kuseka kouma, kenako anakwiya mpaka m'makutu munatentha. Ndiye kulumbira kwake kumeneku? Dzina la Yosvani silinalembedwe paliponse. Mawu oti mwana wanga sanalipo. Mkuluyo anasunga lumbiro lake ndithu: mwana sanamulankhule. Ankalankhula ndi olemba nkhani, anthu osawadziwa akumaiko akutali, kuwatukwana, kuwatuma, ndipo mwana wake ankatola zogwa.

Anatsikira ku nkhani zomalizira. Panali timawu tina timene bambo analemba kutatsala pang'ono kuti awatengere kuchipatala. Timeneti tinakhala mufoni osachoka, kudikira netiweki. Tinachoka m'mawa uja iye ali pamzere wa buledi. Ndiye kuti ku Montevideo, sabata ya maliro, a Heriberto anaoneka kuti adzuka n'kuyambanso kutukwana olemba. Yankho linali litafika kale, pamutu pa nkhani ya njuchi:

"A wolemba, owerenga anu anatiopsa. Anakhala chete nthawi yaitali, tinayesa adwala. Auzeni asamatero."

Madzulo, ana akusewera panja, anawauza a Onelia ndi Norge. A Onelia anakhala pansi pang'onopang'ono atagwira pachifuwa.

"Wakuba uja? Heriberto ankalankhula ndi wakuba uja?"

"Sankamulankhula. Ankalankhula ndi wolemba."

"Usandipusitse ndi nzeru za bambo ako. Munthu analumbira atagwira chithunzi."

Norge sanadabwe nthawi yaitali. Anakoka mpando, anautembenuza, anakhala atatsamira chibwano pachotsamira. Idalmis ankadziwa kakhalidwe kameneko. Ndi mmene ankakhalira akafuna kumugulitsa munthu njinga yopanda mabuleki.

"Ndiye kuti sakudziwa," anatero Norge.

"Sakudziwa."

"Akuyesa apongozi ali moyo."

"Ndanena kale."

"Amake Dayana, tamvera. Nyumba ino mapepala ake ali m'dzina la ndani?"

"Mukudziwa."

"Ana a malemu ndi angati? Ukapita kuofesi ya mapepala a nyumba mlongo wako uja akudziwa za maliro, pakhala pake. Adzafuna gawo lake. Munthu amene anagulitsa makina a mayi ake akudwala, ukuganiza kuti nyumba angaimvere chisoni? Adzati tigulitse tigawane. Ana awa akagona kuti? Kwa mayi anga, m'chipinda chimodzi ndi nkhuku?"

"Ndiye nditani?"

"Palibe chovuta. Osanama ayi. Kungokhala chete mpaka mapepala atuluke. Mwa apo ndi apo upake kamzere kachikasu, ulembe timawu tiwiri ngati mmene ankachitira mdala. Iye mtima ukhale m'malo, ife mtima ukhale m'malo. Zikatha, umuuze."

"Mufuna ndisanduke bambo anga."

"Mkwiyo wawo uli nawo kale. Kwatsala ndevu basi."

A Onelia anamenya tebulo. "Maliro saseweretsa, iwe! Munthu sanazizire n'komwe m'manda, mukufuna muzimuyendetsa mufoni?" Anapuma, anakonza tsitsi. "Koma kumuuza uja, ayi. Mayi ake sanawaike. Adzamve kwa anthu pamsewu, ngati galu."

"Ndiye azakhali mwaima mbali iti?"

"Ine ndaima mbali ya Mulungu. Tandipatsa madzi."

Idalmis anapita kukhitchini kukasankha mpunga. Ankataya timiyala m'kapu mwamphamvu moti tinkalira. Chimene chinkamudya sichinali nyumba yokha. Zaka zonsezi ndi iye amene ankanyamula mtsuko wa mikodzo, ndi iye ankayenda m'mafamase kufunafuna mankhwala, ndi iye ankatukwanidwa supu ikachepa mchere. Uja anali kutali, manja oyera, akutumiza nkhani za njuchi, ndipo bambo ankamudera nkhawa za juzi. Ngati ankakhoza kubisa zimenezi pansi pa mphuno yake, anabisanso chiyani? Ndani akudziwa zimene analonjezana kudzera mwa olemba awowo?

M'mawa mwake, ali m'basi, anapeza pofufuzira mawu mu pulogalamuyo. Analemba kuti nyumba. Zinatuluka nkhani zingapo. Anazitsegula zonse. Ina inali ya nyumba zoyandama pamadzi, ndipo bambo analembapo kuti: "Zachibwana. Chimbudzi chili kuti?" Ina inali ya kamatidwe ka denga: "Wolembayu abwere adzaone lathu, asiye ntchito." Za mapepala, za kugawa, za cholowa, panalibe ngakhale liwu limodzi. Zimenezi sizinamutonthoze. Munthu akafufuza mbala n'kupeza chitseko chili chokhoma bwinobwino, amayamba kukayikira zenera.

Analemba dzina lake, Idalmis. Sipanatuluke kanthu. Analemba kuti mwana wamkazi. Palibe. Anatsala pang'ono kuizimitsa, koma chala chinatsegula nkhani ya nyemba zakuda imene inali pafupi. M'mbali mwake munali timawu: "Kuno kuli wina amaphika zimenezi osayang'ana buku, magetsi atazima, mwana ali kumsana. Wolembayu akadzafuna kuphunzira adzagogode. Koma adzabwere ndi ulemu, mphunzitsiyo ndi waukali."

Idalmis anayang'ana pazenera la basi. Akanatha kumuuza pamaso. Tebulo lake linali lomwelo, nyemba zake zomwezo, ndipo chimene iye ankamva tsiku lililonse chinali chakuti mchere wachepa. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja n'kukankha mnyamata wina amene ankamuponda phazi.

Masiku anapita, nkhani zikubwerabe, iye osapaka kalikonse. Norge ankamufunsa ndi maso m'mawa uliwonse. Denga linadonthanso pabedi la Dayana, ndipo Idalmis anakoka bedilo, anaika beseni, n'kuima pakati pa chipindacho akuganiza za chipinda cha apongozi ake ndi nkhuku zawo. Kenako kunabwera timawu tina kuchokera kumwera: "A wolemba, owerenga anu akhalanso chete."

Tsiku limenelo, pakona pa buledi paja, anatsegula nkhani yatsopano yonena kuti khofi amathandiza mtima. Anapaka chikasu mzere umodzi wapakati. Anaganiza kanthawi, n'kulemba kuti: "Nkhani yabwino. Wolemba wanena zoona." Kamzere kanayenda, mawuwo anapita. Anamva ngati waba nsembe m'tchalitchi, koma buledi anagula, kuntchito anapita, ndudu anapichira.

Yankho analipeza pobwerera. Ulendo uno silinalembedwe kwa wolemba aliyense.

"Ndiwe ndani? Bambo anga chibadwire sanavomerezepo kuti wolemba wanena zoona. Foni yawo waitenga kuti? Iwo ali kuti?"

Pansi pake panali nambala.

Norge ataona anagwira mutu. "Unalemba chiyani? Nkhani yabwino? Apongozi? Mdala amene anatsutsa ndi dokotala yemwe akumubaya jekeseni?"

"Mukanalemba inu, poti ndinu anzeru."

"Chabwino, chabwino. Sizinaonongeke. Lemba kuti ndiwe, kuti mdala wadwala pang'ono, maso sakuona bwino, ndiye ukumawerengera iweyo. Si bodza lalikulu. Anadwaladi."

"Anadwaladi, inde. Mpaka tinawakwirira."

"Amake Dayana, ine ndikuganiza za ana."

"Ine ndimaganiza za mbuzi?"

A Onelia, amene anali atabwera kudzatenga nsapato za malemu zoti akapereke kutchalitchi, anangoti: "Ndinakuuzani. Wakufa sanamiziridwa. Amagwira dzanja." Anatuluka atakumbatira nsapatozo.

Idalmis sanalembe chilichonse, ndipo kumwera nakonso sikunagone. Loweruka m'mawa, atapita kukaima pamzere wa mafuta ophikira, foni inanjenjemeranso. Nkhani sinabwere. Anabwera mawu okha, omatidwa pa nkhani ya khofi yomwe ija.

"Ida, ngati ndiwe, nditukwane mmene ungathere koma undiuze. Ngati ndi shuga uja, ndagula kale mankhwala ndi nsalu zomangira zilonda. Pali mayi wina akubwera kumeneko mwezi uno, ndimupatsira. Ndikufunanso kugula kamakina koyezera shuga. Ndiuze ngati akufuna china."

Anawerenga kawiri. Anaganiza za mafamase onse amene anayendamo chaka chatha, mashelefu ali mbee, akumuuza kuti abwerenso mawa. Anaganiza za Yosvani, chitsiru cha munthu, ataima m'sitolo yowala akusankhira nsalu miyendo imene inali pansi pa dothi. Ndipo mawa akagula kamakina. Chimenecho ndicho chinamukanika kumeza. Bodza akanatha kulisenza, wasenzapo zolemera kuposa pamenepo. Koma mankhwala a shuga, mmene akusowera, kugulira wakufa!

Anachoka pamzere mafuta asanagule. Panali pakona pomwe, netiweki ili yodzaza, koma sakanaimbira pamenepo. Sankafuna kuti mawu amenewo awanene pakati pa amayi onyamula mabotolo, aliyense khutu lili tcheru.

Anapeza Norge pakhonde akupopa tayala.

"Mafuta ali kuti?"

"Ndikumuimbira."

Norge anasiya pampu. "Waganiza bwino? Ukangotsegula pakamwa, nyumba yapita."

"Mwina."

"Mwina? Ukuti mwina? Uja ndi wakuba, Ida."

"Ndi wakuba, ndikudziwa kuposa inu. Makina aja ndinkasokera ine. Akafuna gawo lake abwere ndi sowo adzadule, atenge mbali yodonthayo. Tidzakangana, ndipo mudzaona kuti ndine mwana wa ndani. Koma ndidzakangana naye akudziwa kuti bambo ake anafa."

"Nanga ana?"

"Ana aziona mayi awo akulalata. Azolowera. Tasunthani njingayi ndidutse."

Analowa m'nyumba, analemba nambala ija, anaika foni kukhutu. Zii. Panyumbapo netiweki inali ngati mlendo wonyada, yongosuzumira n'kubwerera. Anayesa pazenera la pabalaza, sizinatheke. Anayesa kukhitchini atakweza dzanja m'mwamba. Anayesa m'chipinda cha bambo, mmene munkanunkhabe mafuta opaka miyendo. Anatuluka kuseri, anadutsa pansi pa zingwe zoyanikira, akuyang'ana foni ngati munthu wofufuza madzi ndi kamtengo. Pafupi ndi khola lakale la nkhumba kamzere kamodzi ka netiweki kanaoneka n'kuzimiririka. Anasunthira chakumpanda. Kanabweranso.

Kuseri kwa thanki yamadzi kunali kampata kopapatiza, pakati pa thankiyo ndi khoma la anansi, kumene iye sankapitako chifukwa kunalibe chochapa kapena chosesa. Analowa chammbali. Timizere tinakhala tiwiri, kenako kamodzi. Atakweza foni pamwamba pa mutu tinakwana titatu.

Phazi lake linagunda chinthu. Chinali chidebe chakale cha penti, chovundikira, chokhazikidwa bwino pa njerwa ziwiri kuti chisagwedere. Pamwamba pake panali potiwizika, penti itachoka, chitsulo chikuwala chifukwa chopondedwapondedwa. Pakhoma, pamwamba pang'ono pa mutu wake, laimu anali atada malo amodzi. Anayang'anitsitsa. Chinali chikhatho, zala zonse zikuoneka, chofiirira ngati fodya, chodindidwa pamalo amodzimodzi kambirimbiri.

Idalmis anaima. Miyendo ya bambo ake ija ankaidziwa ndi iye, yotupa ngati mitsamiro, imene chaka chonse chatha sinkatha kukwera sitepe ya pakhomo popanda iye kuwagwira m'khwapa, akudandaula kuti akuwakoka ngati thumba la makala. Koma apa ankakwerapo okha, kusaka netiweki.

"Nkhalamba yosamva," anatero chapansipansi.

Anavula masilipasi, anaponda pachidebepo. Chinalira pang'ono koma sichinagwedere. Anadina nambala ija. Kutali, kuseri kwa nyanja, foni inayamba kuitana, ndipo sinaitane kawiri.

"Halo? Halo? Ndani?"

Mawu ake anali atakula. Ankamveka ngati a bambo akamayamba kuwerenga m'mawa, asanamwe khofi.

"Yosvani, ndine Ida. Uli pamsewu kapena m'nyumba?"

"M'nyumba. Ida, bambo ali kuti?"

"Peza pokhala. Ukakhala undiuze."

Anamva mpando ukukokedwa. Chidebe chinapendekeka pang'ono pansi pa mapazi ake, ndipo podzigwiriza anatambasula dzanja kukhoma. Linagwera pachikhatho chija. Cha bambo chinali chachikulu, zala zake zinathera pakati.

"Ndakhala," anatero Yosvani.

Idalmis sanachotse dzanjalo.